Gwedeza Wogawa Mbewa

Kalekale, agogo a agogo anu asanayambe n'kukwawa komwe, kunali mudzi wina patsinde pa phiri. Dzina lake sindikuuzani. Adzukulu a anthu amenewo akalipo, ndipo sachedwa kupsa mtima.

M'mudzimo munali mwambo wa mbewa. Anthu akakolola, udzu ukauma, tchire likapsa, amuna ankatenga makasu n'kupita kukakumba mbewa m'minda. Mbewa zonse zinkalowa m'thumba limodzi, ndipo thumbalo ankanyamula munthu mmodzi, wogawa. Tsono malamulo a kagawidwe anali atatu. Loyamba, aliyense alandire zofanana ndi mnzake. Lachiwiri, mbewa sadula pogawa, chifukwa kale abale awiri anaswana mitu polimbirana kuti wakumutu ndani, wakumchira ndani. Lachitatu, wogawa sadya gawo, amadya chotsala. Limeneli makolo analiika kuti wogawa asamadzikondere. Makolo anali anthu abwino, ndipo ankaganiza kuti tonse tidzabadwa abwino ngati iwo.

Wogawa wa m'mudzimo anali Gwedeza. Anali munthu wamtali, wolankhula mofatsa, wa m'manja mosalala ngati mwa khanda. Khasu ankangoliona kwa anzake. Wolima pakhomo pake anali mkazi wake, Nasoko, ndipo chaka chimenecho mayiyo anadzaza nkhokwe mpaka kudenga. Chimanga chimenecho ndicho chinali moyo wa awiriwo kufikira masika ena.

Tsono chaka chomwecho mbewa zinayamba kumuchita chipongwe Gwedeza. Tsiku loyamba zinagwidwa khumi ndi ziwiri, okumba atatu. Aliyense zinayi, osatsala kanthu. Tsiku lachiwiri khumi ndi ziwirinso, okumba anayi. Aliyense zitatu, osatsala kanthu. Tsiku lachitatu khumi ndi ziwiri zomwezo, okumba asanu ndi mmodzi. Aliyense ziwiri. Gwedeza anakutumula thumba, munangogwa mchenga ndi ubweya. Anapita kwawo kukadyera mfutso wopanda nsinjiro, fungo la mbewa zowawula likumupeza kuchokera m'makomo mwa anzake.

Nkhuli, ana inu, ndi mphunzitsi wankhanza. M'mawa mwake Gwedeza anakhala pansi pa mtengo wa mthethe, natola miyala ya nsolo khumi ndi iwiri. Anaigawa milu iwiri, inagawika. Milu itatu, inagawika. Milu inayi, inagawika. Milu isanu ndi umodzi, inagawikanso.

"Nambala iyi n'njopusa," anatero Gwedeza. "Aliyense akaiitana imangoti wawa, ngati mkamwini watsopano."

Mwaukali anatenga mwala umodzi n'kuuponya kutchire. Inatsala khumi ndi umodzi. Anayesa milu iwiri, unatsala umodzi. Milu itatu, inatsala iwiri. Milu inayi, inatsala itatu. Anayesa isanu, anayesa isanu ndi umodzi, anayesa mpaka khumi, koma nthawi zonse pambali pamakhala kenakake. Nambala imeneyo inkangovomera zinthu ziwiri zokha: munthu mmodzi atenge zonse, kapena abwere anthu khumi ndi mmodzi atenge umodziumodzi. Gwedeza anaseka yekha mpaka nkhuku zinathawa.

Tsiku lonselo anakhala pamenepo akusaka zina zotero. Anapeza ziwiri, zitatu, zisanu, zisanu ndi ziwiri, khumi ndi imodzi, khumi ndi zitatu, ndi zina kutsogolo. Anazitcha nambala zamakani. Aphunzitsi anu ali ndi dzina lake lachizungu, mukawafunse mawa, koma la Gwedeza ndi limenelo.

Ndipo anazindikira chinanso. Nambala iliyonse ili ndi kadumphidwe kake, ngati chule pamiyala ya pamtsinje. Ya anthu anayi imaponda pa zinayi, pa zisanu ndi zitatu, pa khumi ndi ziwiri, n'kumapita. Pamene yaponda, zinthu zimagawika bwinobwino, wogawa n'kugona ndi njala. Koma ukaima phazi limodzi lokha kumbuyo kwa pamene ikufuna kuponda, chotsala chimakhala chachikulu kwambiri. Gwedeza anaimirira, nasasa fumbi kumatako, ndipo anayamba kuyembekezera uzimba wina.

Tsiku linafika. Okumba anali anayi. Anatseka mbuli, kauna kaja kothawirako mbewa, ndipo anakumba dzuwa lonse, thukuta lili noninoni. Gwedeza anali pamthunzi ndi thumba, akuwerenga mumtima mbewa iliyonse yolowa. Zinakwana khumi ndi ziwiri. Tsono anapisa dzanja m'thumba ngati akuzisanja. Anapeza kapuku wina amene anali atangokomoka, wofunda, wamimba yaikulu. Anataya madzi a m'chipanda chake, nalowetsamo kapukuyo, n'kutseka ndi chitsononkho.

"Abale anga," anatero akukhuthula thumba, "lero zagwidwa khumi ndi imodzi. Ziwiri kwa inu, ziwiri kwa inu, ziwiri kwa inu, ziwiri kwa inu. Zatsala zitatu. Sizikwanira kuzunguliranso."

"Kodi sizinali khumi ndi ziwiri?" anafunsa mmodzi.

"N'kutheka kuti ina inathawa. Mbewa ndi mbewa."

Anausa moyo ngati amusenzetsa mtolo wa nkhuni zaziwisi. "Mwambo ndi mwambo, ine ndingatani?" Ndipo okumba anapita ndi ziwiriziwiri, wa pamthunzi anapita ndi zitatu.

Atafika kwawo anaona kuti Nasoko wapita kudambo. Anakwera makwerero a nkhokwe, natsegula chipanda, kapuku uja n'kulumphira m'chimanga.

"Mbewa yakufa sinenepa," anatero Gwedeza, akudzimva nzeru. "Iwe idya pang'ono. Ndidzakuona mvula ikagwa."

Akanakhala wokumba, akanadziwa kuti kapuku wamimba yotero si mafuta ayi. Ngakhale iwe wamamina uko ukudziwa chimene chinali m'mimbamo. Koma Gwedeza ankadziwa nambala za mbewa, mbewa zenizenizo sankazidziwa.

Uzimba wachiwiri okumba anali asanu ndi mmodzi. Pakati pawo panali mkazi, Nangondo. Mwamuna wake anali atamwalira chaka chatha, n'kumusiyira ana anayi ang'onoang'ono ndi khasu limodzi. Amuna atamuona akubwera ndi khasulo anaseka.

"Mkazi kukumba mbewa? Simukuchita manyazi, mayi?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero Nangondo. "Ana anga akufuna ndiwo. Ndionetseni pokumba."

Ndipo anakumba kuposa amuna awiri. Mbewa zinakwana khumi mphambu zisanu ndi zitatu, imene inu mumati eyitini. Iwe ukuwerenga zala uko, zikanakhala zingati kwa aliyense? Zitatu, wakhoza. Koma dzanja losalala lija linalowanso m'thumba, linasankhanso yonenepa, ndipo chitsononkho chinatsekanso chipanda. Zinatsala seventini, nambala yamakani. Aliyense ziwiri, wogawa zisanu.

"Mwambo ndi mwambo," anatero Gwedeza, nkhope ili yachisoni.

Nangondo anayang'ana thumba, anayang'ana Gwedeza. Koma anali mlendo pa ntchitoyi. Anatenga mbewa zake ziwiri kupita nazo kwa ana anayi.

Uzimba wachitatu unali waukulu. Okumba anali asanu ndi atatu, Nangondo ali pomwepo. Nthawi ino iye ankati akapha mbewa kapena akaona mnzake wapha, amathyola kachitsotso n'kusunga m'nsalu. Pofika masana anali ndi tizitsotso makumi awiri mphambu tinayi. Mtima wake unakondwa. Anadziwa kuti aliyense alandira zitatu.

Gwedeza naye anali atawerenga. Yonenepa inalowa m'chipanda, ndipo zinatsala makumi awiri mphambu zitatu, yamakani kwabasi. Pa anthu asanu ndi atatu akanapereka ziwiriziwiri, iye n'kutsala ndi zisanu ndi ziwiri. Munthu wina akanakhuta. Koma Gwedeza anakumbukira kadumphidwe ka anthu khumi ndi awiri. Kamaponda pa khumi ndi ziwiri, kenako pa makumi awiri mphambu zinayi. Ndipo iye anali ataima phazi limodzi kumbuyo.

Anagwira pamtima.

"Abale anga, ine mtima ukundiwawa. Ife tizidya nyama, nanga nkhalamba zathu zimene sizingathe kugwira khasu? Kodi ndi mmene anatilerera makolo? Kaitaneni nkhalamba zinayi za m'mudzi muno, zidzalandire nawo."

Amuna anagwetsa nkhope, manyazi atawagwira. Nkhalamba zinabwera ndi ndodo zawo, zikutsokomola. Anthu anakwana khumi ndi awiri. Gwedeza anazungulira kamodzi, aliyense imodzi. Pansi panatsala khumi ndi imodzi.

"Aa, tsoka ilo," anatero. "Yaperewera imodzi yokha kuti ndizungulirenso."

Apa Nangondo analephera kupirira.

"A Gwedeza, ine ndinawerenga. Zinalowa m'thumba makumi awiri mphambu zinayi. Tizitsotso ndi iti."

"Mayi," anatero Gwedeza mofatsa, "maso a njala amawerenga kawiri."

Anthu anaseka. Nkhalamba ina inamuloza Nangondo ndi ndodo.

"Iwe mwana, usanyoze munthu wa mtima wabwino. Chibadwire ine, ndi wogawa uti anatikumbukirapo?"

Ndipo nkhalamba zinaomba m'manja, zikumudalitsa Gwedeza kuti akhale ndi moyo wautali. Iye anawerama modzichepetsa, akutola mbewa khumi ndi imodzi. Nangondo anapita kwawo ndi imodzi, misozi ikulengeza. Zinamupweteka kwambiri, osati mbewa yokha, koma kusekedwa akunena zoona. Kunyumba anaidula pasanu, ndipo mwana wamng'ono analandira mchira.

Tsono m'nkhokwe mwa Gwedeza munali akapuku atatu. Tsiku lina Nasoko akupeta pafupi anamva tswatswatswa m'katimo.

"Bambo, m'nkhokwe muli chinthu."

"Ndi ziweto zanga," anatero Gwedeza. "Mbewa zitatu. Zikunenepa."

Nasoko anagwetsa lichero.

"Mbewa m'nkhokwe? Inu mutu wanu ukuyenda bwino? Chimanga chimenecho ndinalima ndekha!"

"Khala chete, anthu angamve. Zitatu zokha. Zitatu ndi nambala yamakani, sigawika, sisuntha. Zitatu zingadye chiyani? Iwe umadziwa khasu, nambala undisiyire ine."

Nasoko anang'ung'udza, koma analeka. Ndikuuzeni zoona, nayenso masiku amenewo ankadya mbewa m'mawa ndi madzulo, ndipo milomo yake inali yonyezimira. Munthu akamatafuna sakalipa nthawi yaitali.

Gwedeza sananame. Zitatu sizigawika. Chimene anaiwala n'chakuti nambala yokana kugawika sikana kuchulukitsidwa. Kapuku woyamba anaswa. Wachiwiri anaswa. Wachitatu anati ine nditsalirenji, anaswanso. Ana anakula msanga, poti chakudya ankagonera pomwepo, ndipo nawonso anaswa awo. Ankadya kuyambira pansi ndi m'kati, pamwamba osakhudzapo. Nasoko akakwera kukatapa chimanga, ankaona nkhokwe yodzaza. Gwedeza akamadutsa ankaisisita, n'kumati, "Nenepani, ana anga."

Mvula inagwa. Anthu anadzala, anapalira, ndipo inafika miyezi ija imene nkhokwe imalemekezedwa kuposa mfumu. M'mawa wina Nasoko anakwera makwerero ndi dengu. Anatsamira dzanja pa chimanga cha pamwamba. Chimangacho chinatitimira, dzanja linalowa mpaka m'phewa, ndipo mbewa zinamuyenda pamkono. Pansi pake panalibe chimanga. Panali zitsononkho, makoko ndi ndowe za mbewa.

"Mayo ine! Mayo, chimanga changa!"

Anthu asanu ndi atatu anathamangira kumeneko ndi zibonga, Nangondo ali patsogolo. Anazinga nkhokwe, anaigwetsa, ndipo kunali phaa! phaa! mpaka dzuwa kufika pamutu. Zina zinathawa, ndipo zidzukulu zake ndi zimene zikukuvutitsani m'minda lero. Zophedwazo Nangondo sanalole kuti zilowe m'thumba. Anaziyala pansi m'mizere ya khumikhumi, akuwerenga mokweza, anthu onse akumuyankha. Mizere inakwana khumi ndi iwiri. Mbewa zana limodzi ndi makumi awiri.

Nasoko anali atakhala pa zitsononkho, akulira.

"Munati zitatu, bambo! Munati zitatu zokha zikunenepa! Munati sizisuntha!"

Anthu anatembenuka onse kuyang'ana Gwedeza.

"Zitatu ziti?" anafunsa Nangondo. "Akapuku a kutchire anakwera bwanji makwerero?"

 Koma lilime la Gwedeza linali lisanamutayepo.

"Abale anga, mwandigwira. Ndinkafuna kuti chikhale chinsinsi. Ndinkapatula imodzi pa uzimba uliwonse kuti ndiwetere mudzi. Ndinati miyezi ya njala ikafika, anthu anga adzadye chiyani?"

 Kenako Nangondo anagwada, naomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, a Gwedeza. Ndiye kuti maso anga a njala ankaona bwino. Tsono poti munawetera mudzi, mbewazi ndi za mudzi. Gawani, inu ndinu wogawa wathu."

Gwedeza anafuna kunena kuti mbewazo zadya chimanga chake, choncho n'zake. Koma anali atanena kale zina, ndipo mawu akatuluka sabwerera. Anadzitonthoza mumtima. Zana limodzi ndi makumi awiri ndi nambala yaikulu, anatero. Chotsala chake chikhalanso chachikulu. Ndikaziwamba, ndikasinthanitsa ndi chimanga.

Anayamba ndi anthu asanu ndi atatu amene anapha. Anazungulira, anazungulira, anazungulira. Aliyense khumi ndi zisanu. Pansi panalibe ngakhale mchira.

"Dikirani!" anatero. "Taiwala nkhalamba zathu. Bwezani, kaitaneni nkhalamba zinayi zija."

Anthu anabweza. Nkhalamba zinabwera, zikumudalitsa kuyambira kutali. Khumi ndi awiri. Gwedeza anazungulira. Aliyense khumi. Pansi mbee.

"Dikiraninso! Mudzi wonse udye. Aliyense wamkulu abwere."

"Koma munthu uyu ndi wa mtima wabwino," inatero nkhalamba ija ya ndodo, ikupukuta msozi.

Anabwera ena khumi ndi awiri, onse pamodzi makumi awiri mphambu anayi. Gwedeza anazungulira kasanu. Aliyense zisanu. Anayang'ana pansi, anayang'ana kuseri kwa mwendo wake, anatukula ngakhale phazi. Panalibe kanthu. Nambala imeneyo, ana inu, ndi mkamwini woposa uja. Awiri imavomera, atatu imavomera, anayi, asanu, asanu ndi mmodzi, asanu ndi atatu, khumi, onsewo ndi abale ake. Gwedeza akanaitana asanu ndi awiri, kapena khumi ndi mmodzi, akanapeza kanthu. Koma mantha anali atamuuluzira nzeru zonse, ndipo ankangothamangira nambala zomwe zinkamudyetsa kale.

Tsono anaganiza msanga. Wogawa sadya gawo. Nanga atasiya ntchito yogawayo? Ndipo m'maso mwake munabwera kuwala koipa.

"Abale anga, ine ndakalamba pa ntchitoyi. Ndatula pansi. Agawe Nangondo, poti amadziwa kuwerenga. Ine ndikhala pamalo pake pamzerepo."

Mwaiona nzeru yake? Nangondo akachoka pamzere, iye n'kulowapo, anthu akhalabe makumi awiri mphambu anayi. Iye alandira zisanu, ndipo mayi amene anamuchititsa manyazi apita kwawo chimanjamanja. Ngakhale nyumba yake ikupsa, Gwedeza ankafunabe kuti ya mnzake inyeke kaye.

Anthu anavomera. Mbewa zinabwezedwa pakati kachitatu. Nangondo anaimirira, namanga nsalu yake bwino m'chiuno. Anayang'ana mzere wonse kuyambira uku mpaka uko. Kenako anagwira pamtima.

"Abale anga, ine mtima ukundiwawa."

Gwedeza anawazindikira mawuwo, anali ake omwe, koma Nangondo anapitiriza.

"Ife tizidya nyama, nanga mwini nkhokwe? Onani mayi uyo wakhala pa zitsononkho. Chimanga chimene chanenepetsa mbewazi analima ndi iye. Palibe anamuwerengera. Kodi ndi mmene anatilerera makolo? A Nasoko, bwerani mudzakhale pamzere."

"Zoona, zoona!" anatero anthu. "Tinaiwala bwanji?"

"Kapena a Gwedeza akukana kuti akazi awo alandire?" anafunsa Nangondo.

Gwedeza anacheuka. Anaona maso a Nasoko, ofiira ngati tsabola. Anasendera, namupatsa malo pamzere.

Anthu anakwana makumi awiri mphambu asanu. Tiyeni tidumphe limodzi. Kuzungulira koyamba, makumi awiri mphambu zisanu. Kachiwiri, makumi asanu. Kachitatu, makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu. Kachinayi, zana. Kachisanu sizikwanira. Aliyense zinayi, ndipo pansi panatsala mulu wa mbewa makumi awiri, zonona, zoleredwa ndi chimanga choyera.

Nangondo anausa moyo.

"Mwambo ndi mwambo," anatero. "Ine ndingatani?"

Anazikulunga m'nsalu, nasenza pamutu. Musandifunse ngati anachita bwino, ine sindinali woweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti kwawo kunali pakamwa pasanu, ndipo tsiku limenelo aliyense anadya zinayi zathunthu, kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Anthu anabalalika, aliyense akuthokoza Gwedeza chifukwa cha ulimi wake wa mbewa. Pabwalo panatsala awiri okha ndi nkhokwe yogumuka. Gwedeza anali ndi mbewa zinayi m'manja. Anayesa kumwetulira.

"Nasoko, zako zinayi, zanga zinayi. Tikaphatikiza ndi zisanu ndi zitatu. Ukaganiza bwino, tapindula."

Nasoko anaimirira, natola zake zinayi, natenganso khasu lake ndi lichero.

"Zanga ndikadyera kwa amayi, kumene kuli ufa. Inu ndiwo muli nazo, bambo. Mudyera chiyani?"

Gwedeza anayang'ana zitsononkho. Zinali zambirimbiri, zokwana kuwerenga mpaka masika, ndipo panalibe wina aliyense wolimbirana naye.

Tsono mverani, ana inu. Mukapatsidwa ntchito yogawa, yang'anani m'manja mwa anzanu, osati pansi pamene pagwere chotsala. Kachinyengo kamene mwabisa lero musakayese kamodzi, kamaswana kumene mwakabisako, ndipo kamadya zanu zomwe. Ndiponso nzeru imene mukudyera anzanu, dziwani kuti wina akuiphunzira ali chete, ndipo tsiku lina adzaiyesera pa inu.

Apa ndiye pathera nthano yanga.